Makoswe Okalamba ndi Mchere wa Bambo Anu

Lusiya ndi Petulo, ana anga, za ubwana wanga ndidakuuzani mpaka mudatopa nazo, ndiye pano ndingoyambira pa ntchito. Ndikufuna mudziwe kumene ndidaitenga nkhanza yomwe mumandinena nayo mpaka lero, yophika ndiwo zopanda mchere. Ndikufunanso mudziwe chimene chidachitika pakhonde la nyumba yathu ku Mtakataka tsiku lija ndidakutumizani kwa agogo anu osakuuzani chifukwa.

Pa kachipatala ka kwathu

Ntchito yanga yoyamba inali yotsuka. Pa kachipatala kena kuno kunsi kwa mapiri, m'chipinda choyezera magazi, ndinkatsuka timagalasi toyezera malungo ndi timabotolo ta mkodzo. Bwana wanga anali mkulu wosakonda kulankhula. Ankanyamula kagalasi kalikonse n'kukayang'ana padzuwa, akaonapo chidindo cha chala changa n'kundibwezera osanena kanthu. Ndinkapsa mtima, koma ndi iyeyo adandiphunzitsa kuyang'ana m'makina oonera tizilombo, ndipo ndi iye yemwe adandikankha kuti ndikachite maphunziro a za labu.

Bambo anu ndidawadziwira pa yunifolomu. Anali telala pakhonde la sitolo ina pa Mtakataka, ndipo diresi yanga ya kuntchito adailakwitsa kawiri. Patapita zaka adaulula kuti ankachita dala kuti ndizibwerabwera. Anali munthu wanthabwala, wosatha kukangana ndi munthu, ndipo ankakonda mchere ngati mbuzi. M'kadirowa ka makina awo osokera, pamodzi ndi singano ndi mabatani, munkakhala kapepala ka mchere. Mango aawisi mchere, chimanga chootcha mchere, nsomba ya kanyenya yomwe wogulitsa wathira kale, iwo kuwonjezeranso. Nthawi imeneyo ndinkangoseka.

Nyumba ya makoswe

Akuntchito atandiuza kuti anditumiza kumzinda, ku sukulu yophunzitsa za udokotala, ndidadziona kale ndili m'chovala choyera pakati pa makina onyezimira. Inu ndidakusiyani ndi bambo anu, Lusiya ali ku pulayimale, Petulo atangoyamba kumene. Nditafika adandipititsa kuseri, n'kutsegula chitseko chachitsulo. Fungo ndi lomwe lidayamba kundilonjera. M'mashelefu monse munali tizikwere ta waya, ndipo m'menemo makoswe oyera mbuu, maso ofiira, onse akundiyang'ana.

Mukudziwa kuti kwathu kuno mbewa timadya, koma khoswe ndi mdani, timamuthamangitsa ndi chikuni. Ine mwana wa ku Mtakataka, ndi satifiketi yanga m'chikwama, ndizimuphikira ndi kumuyalira pogona! Kunyumba ndinkangonena kuti ndimagwira ntchito mu labu. Koma nkhani siigona. Azakhali anu a Nambewe, mlongo wawo wamkulu wa bambo anu, atamva adaseka mpaka kugwira nthiti. Amati alamu aphunzira kwambiri mpaka akakhala mlezi wa makoswe.

Bwana wanga watsopano anali dokotala wofufuza za impso. Tinkawatcha a Pang'onopang'ono, chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pawo. Tsiku loyamba adatulutsa khoswe mmodzi, n'kumukhazika pamkono pawo ngati mwana wa mphaka.

"Mayi Nangozo, makoswe awa ndi a mtundu wobadwa ndi BP, kuthamanga kwa magazi," adatero. "Ntchito yanu si kuwachiritsa ayi. Ntchito yanu ndi kuwakalambitsa."

"Kukalambitsa khoswe, bwana?"

"Eya. Khoswe wa m'denga amafa ali mnyamata, mphaka amamudya. Awa ndikufuna afike pa ugogo, kuti tione impso zawo zimatani."

Adandifotokozera moleza mtima, akujambula ndi choko pachitseko. Adati impso ndi sefa ya thupi, ndipo sefayo imagwira ntchito bwino ngati magazi akufikako mokwanira. Mitsempha ya magazi imadzipangira yokha kampweya kena kosaoneka, dzina lake nayitiriki okusayidi, kamene kamauza mtsempha kuti umasuke magazi adutse. Chomwe iwo ankafuna kudziwa n'chakuti khoswe wa BP akamakalamba, kampweyako kamagwirabe ntchito yake mu impso kapena kamafooka. Kakafooka, timitsempha timafinyika, impso imalandira magazi ochepa, n'kuyamba kusunga madzi ndi mchere m'thupi, BP n'kukwereranso. Ndidamva ngati akunena za ngalande ya kudimba yomwe yayamba kutsekeka ndi matope.

BP ya khoswe timayeza kumchira, ndi kalamba kakang'ono ngati komwe amakumangani pamkono kuchipatala. Vuto lake n'lakuti khoswe akachita mantha BP imalumpha, ndiye zomwe mwayezazo n'zabodza. Choncho ndinkayenera kuwagwira tsiku ndi tsiku mpaka azolowere manja anga. Sopo sindinkasintha, mafuta onunkhira ndidasiya. Ndinkawaimbira nyimbo za kutchalitchi chapansipansi, ndipo ndikukuuzani zoona, ankakonda za nyengo ya Lenti kuposa za Khirisimasi. Munthu wina akalowa ankathawira kukona, ine ndikalowa ankaima ndi miyendo iwiri kundidikira.

Zosowa zinalipo. Nthawi ina chakudya chawo chochokera kunja chidachedwa miyezi, ine ndi bwana tidakhala pansi n'kukonza chathu: madeya, soya wokazinga ndi usipa wosinja. Ndinkapita ndekha kuchigayo, anthu n'kumandifunsa ngati ndaweta nkhuku zambiri. Magetsi akazima m'nyengo yotentha ndinkanyowetsa masaka n'kupachika m'mawindo kuti m'nyumbamo muzizizira. Gulu lina la makoswe tinkaliwonjezera mchere m'chakudya mwadala. Amenewo ndi omwe ankayamba kufooka, ubweya kuyima, thupi kulemera ndi madzi. Mmodzi akafa tinkamutsegula. Impso ya khoswe wathanzi imakhala yosalala, yofiirira ngati nyemba yonyowa. Ya awa inali yotuwa ndi yokakala. Ndidaziona zambiri, ndipo zidandikhala m'maso.

Chaka chimene makina osokera adakhala chete

Nditabwera ku tchuti chaka china, nditangotsika minibasi pa Mtakataka, ndidadabwa kuti makina a bambo anu sakumveka. Ndidawapeza atakhala pambali pake akusokerera batani ndi manja. Patapata wawo anali atadula malamba. Mapazi anali atatupa mpaka akakolo osaoneka, moti sankatha kupalasa makina.

"Ndi kukhalitsa pansi basi, mayi a Lusiya," adatero akuseka. "Kapena ndayamba kulemera, chuma chayambira kumapazi."

Ine sindidaseke. Ndidagwada pomwepo pamaso pa makasitomala, n'kudinikiza chala pa msongolo wawo. Chidalowa ngati m'dothi lonyowa, ndipo kadzenjeko kadatsala. M'mawa mwake ndidawakokera kuchipatala. BP inali pamwamba kwambiri, ndipo atayeza magazi ndi mkodzo adati impso zayamba kutopa. Adawapatsa mapiritsi a tsiku ndi tsiku, n'kunena kuti mchere ausiye.

Kuyambira tsiku limenelo ndidayamba kuphika mphika umodzi wopanda mchere. Mchere ndinkauika pa sosala pakati pa mphasa kuti inu ana muzithira nokha m'mbale mwanu, ndipo sosalayo ndinkaiika kutali ndi bambo anu. Ndinkaona ngati ndapeza nzeru. Sindidaganize n'komwe mmene zidzaonekere m'maso mwa munthu wa kwathu kuno.

A Nambewe adabwera kuchokera ku Golomoti kudzazonda mlongo wawo. Musawaone ngati munthu woipa. Mayi awo atamwalira, ndi iwo adabereka bambo anu kumsana, ndipo ankawakonda ngati mwana wawo. Adakhala nafe masiku angapo, maso ali pa manja anga. Inu mudakulira m'masukulu, ndiye ndikukumbutseni. Pa mwambo wathu, mkazi amene ali kumwezi, kapena amene wayenda ndi mwamuna wina, amati ndi wotentha. Akathira mchere m'ndiwo ndi dzanja lake, odyawo amadwala mdulo: miyendo ndi nkhope zimatupa, munthu mpaka kufa. N'chifukwa chake mkazi wodziwa kuti sali bwino sakhudza mchere, amauika padera kuti ena athire okha. Tsono taganizani. Mwamuna watupa miyendo, mkazi wake amakhala yekha kumzinda, ndipo wabwera sakukhudza mchere ngakhale tsiku limodzi.

Tsiku lina ndikutsuka mbale adabwera n'kukhala pafupi.

"Alamu, ndakhala ndikuwerenga masiku," adatero motsitsa mawu. "Mwezi wa mkazi sutalika chonchi. Mchere mukuuopa chifukwa chiyani?"

"Achipatala aletsa, alamu. Ndi BP, yafika ku impso."

"BP aliyense ali nayo masiku ano, koma si onse atupa. Ife ndife akazi tokhatokha pano. Ngati mudapunthwa kumzindako, nenani, tikapeze mankhwala mwana wa mayi anga asafe."

Ndidayamba kuwauza za impso za makoswe, za mitsempha yofinyika, za kampweya kaja. Ndi pamene ndidawonongeratu. Adaimirira n'kukutumula chitenje. Adati mlongo wawo si khoswe, ndipo munthu akayamba kuyankha zambirimbiri ndiye kuti pali chomwe akubisa.

Chomwe chidandipweteka kwambiri si mawu a alamu. Ndidawauza bambo anu zonse, ndikuyembekeza kuti apsa mtima. Adangoyang'ana mapazi awo n'kunena kuti, "Achemwali ndi achemwali, asiyeni." Sadanene kuti akundikhulupirira. Tchuti changa chidatha, ndidakwera minibasi ndi mawu amenewo osanenedwa.

Kusiya makoswe

Sipadapite mwezi, mayi wina woyandikana nafe nyumba adandiimbira foni kuntchito. Adati a Nambewe asamukira kunyumba kwathu, ndiwo akuphika okha ndi mchere wokwanira, ndipo abweretsa mizu ya mdulo. Mapiritsi aja anawapachika pamwamba pa khoma. Bambo anu tsopano nkhope inali itayamba kutupa m'mawa. Adawonjezanso kuti pamsika dzina langa likutafunidwa ngati nzimbe.

Nthawi imeneyo makoswe athu anali atafika pa ukalamba womwe tidaudikira pafupifupi zaka ziwiri. Kuyeza kwenikweni kwa magazi opita ku impso kunali kutangotsala pang'ono. Bwana anali atandiuzanso kuti ntchitoyo ikatha adzanditumiza kukawonjezera maphunziro, chinthu chomwe ndinkachilakalaka kuyambira ndili wotsuka magalasi. Ndidawapeza akuyeza kulemera kwa khoswe wina, n'kuwauza kuti ndikupempha kubwerera kwathu.

"Pang'onopang'ono, mayi Nangozo," adatero. "Tengani tchuti china. Kapena abweretseni abambo kuno, tiwaone bwino."

"Sangabwere, bwana. Achibale awo anena kuti ndawaba kuti ndikawamalize. Ndipo tchuti chimatha. Matenda awa ndi a mphika wa tsiku ndi tsiku, wogwira chikombe ndi amene akulamula."

"Makoswe awa amadziwa manja anu okha. Munthu watsopano akawagwira, BP idzalumpha."

"Ndikudziwa, bwana. Koma mudandiphunzitsa nokha mmene impso imathera. Ndili naye wanga kunyumba, ndipo ali m'gulu la mchere."

Adabwezera khoswe uja m'kachikwere kake. Kenako adangondipempha kuti ndikhale milungu ingapo ndikuzoloweretsa mayi wina amene adzalowe m'malo mwanga. Ndidamupatsa sopo wanga, ndi chovala changa chakale kuti fungo likhale lomwelo, n'kumuphunzitsa nyimbo zija ngakhale anali wa mpingo wina. Tsiku lotsanzika ndidalira, ndikuvomera. Mwana wa ku Mtakataka kulirira makoswe! Bwana adandipezera malo pa kachipatala kena kufupi ndi Golomoti, komwe ndidabwerera ku magalasi a malungo, ndipo ndi komwe ndidapumira ntchito. Za maphunziro aja zidathera pomwepo.

Pakhonde

Ndinkayesa kubwera kwanga kudzatseka anthu pakamwa, koma kudawatsegula. Ena amati andichotsa ntchito chifukwa cha chiwerewere, ena amati mtima wanditsutsa. Ndidatsitsa mapiritsi pakhoma, n'kulanda khitchini yanga. Ndi alamu tinkadutsana ngati anthu osadziwana. Ndikadatha kuwathamangitsa, koma paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kuwagenda iwo kunali kuswa mtima wa bambo anu.

Mapeto ake adaitana ankhoswe. Ndi tsiku lija ndidakutumizani kwa agogo anu. Adabwera malume awo a bambo anu, ndi malume anga, n'kukhala pakhonde dzuwa lisanakwere kwambiri. Bambo anu anali pampando wawo, miyendo atasanjika pa kachitsa. A Nambewe adayala nkhani yonse, ndipo sadaname ngakhale pamodzi, adangonena zomwe maso awo adaona. Atatha, malume awo a bambo anu adaitanitsa sosala ya mchere n'kuiika patsogolo panga.

"Mayi, ife sitinabwere kudzakuvulani," adatero. "Nkhani ndi yaifupi. Phikani ndiwo, muthire mchere ndi dzanja lanu tikuona, amuna anu adye. Ngati muli bwino palibe choopa. Mukakana, ndiye mwatiyankha kale, ndipo banja lithera pano."

Malume anga adandiyang'ana ndi maso ondipempha kuti ndingochita. Ndinene zoona, ana anga: kamchere ka tsiku limodzi sikakadawapha bambo anu. Ndinkadziwa zimenezo. Koma ndinkawadziwanso anthu anga. Ndikadathira tsiku limenelo, mawa akadati bwanji lero simunathire, ndipo dzina langa likadakhala loyeretsedwa ndi mchere tsiku lililonse mpaka impso zitatha. Bambo anunso, mmene ankaukondera, akadati ankhoswe aloleza.

Ndidanyamuka. Ndidatulutsa mbaula pabwalo kuti aliyense aone, n'kuphika utaka ndi tomato. Utapsa ndidapungulira pang'ono m'kapoto kakang'ono n'kuika pambali. Kenako ndidatapa mchere ndi dzanja langa lamanja, ndidakweza dzanjalo kuti alione bwino, n'kuthira mumphika waukulu. Ndidapakula, n'kupereka madzi osamba m'manja.

"Kapoto aka ndi ka bambo a Lusiya, kalibe mchere ndipo sikadzakhala nawo," ndidatero. "Mbale iyi ndathira ine. Idyani inuyo. Ngati ndili wotentha, mutupe ndinu, ndipo ndidzalongedza ndekha katundu."

Amalume aja adayamba kuyang'ana denga ngati aona chiswe. A Nambewe manja adawabisa m'chitenje. Apo ndidazindikira kuti sankandinamizira mwadala ayi, ankakhulupiriradi, ndipo mbaleyo ankaiopa ngati muli njoka. Ngakhale malume anga enieni, amene adandiona ndikubadwa, adasamba m'manja nthawi yaitali kuposa masiku onse.

Ndiye ndidamva mpando ukulira. Bambo anu adatsitsa miyendo pa kachitsa, n'kudzikoka mpaka pamphasa, akupuma movutika. Adasamba m'manja. Adatema nsima, naiumba bwinobwino, ndipo dzanja lawo lidadutsa kapoto kawo n'kulunjika m'mbale ya mchere.

"Ine mkazi wanga ndimamudziwa," adatero. "Ndidya ndine."

Mawu amene ndidawadikira miyezi yonse ija anali amenewo. Ndidawasiyira ntchito, maphunziro, ndi makoswe anga. Ndipo atangotuluka, ndidalumpha n'kugwira dzanja lawo pamfundo, nsima itatsala pang'ono kukhudza msuzi.

"Inu ayi," ndidatero. "Wina aliyense, koma inu ayi."

Tidakhala choncho, ine nditagwira, iwo akukankha pang'ono, misozi ikutsika tonse awiri pamaso pa akuluakulu. Dzanjalo linali lotupa, lofewa, ndipo zala zanga zidasiya timaenje.

Sindikudziwa chomwe a Nambewe adaona pamenepo. Sadandiuze mpaka adamwalira, ndipo pepani sadanenepo. Adangotulutsa manja m'chitenje, n'kukoka mbale ija, n'kutema nsima. Adasunsa, natafuna nthawi yaitali, tonse tikuwayang'ana. Atameza adapukuta pakamwa.

"Mchere mwachulutsa, alamu," adatero.

Amalume aja adadya pambuyo pawo, ndipo palibe adatupa. Miyendo ya bambo anu idaphwa pang'onopang'ono, ngati mmene bwana wanga akadanenera, mpaka makina adayambanso kulira pakhonde la sitolo. Impso sizidabwerere mwakale, zimenezo sizibwerera, koma zidawasunga mpaka adasoka ndi mapazi awo diresi ya ukwati wa Lusiya. Kapepala ka m'dirowa kaja ndidakapeza nthawi zingapo, ndipo nthawi iliyonse ankalumbira kuti n'kakalekale.

Tsono mukabwera ndi ana anu n'kumadandaula kuti ndiwo za agogo sizikoma, sosala ili pamphasa, thirani nokha. Dzanja langali lidathira mchere komaliza tsiku lija.